Kodi Mkhristu angaponde m'nkhalango ya Khulubvi?

FUNSO

Abusa, ndine mphunzitsi wa Sande sukulu kuno ku Nsanje. Mwezi wathawu ndinaperekeza mlendo wanga ku Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, malo amene ndinkangowamva kuyambira ndili mwana. Eni malo atatiuza kuti tivule nsapato ndinavula, ndipo titaima pamene anatilola kufika, pansi pa mitengo imene nkhwangwa siiloledwa kuikhudza, kutentha kwa kuno kuchigwa kunazirala, mtima wanga unagwidwa ndi ulemu waukulu moti ndinapemphera chamumtima kwa Yesu. Nditafotokoza zimenezi kumpingo, mkulu wina anandidzudzula kuti ndinakapembedza mizimu. Kodi ndinachimwa?

Mayi wa ku Nsanje

YANKHO

Mayi, simunachimwe. Ndikunena zimenezi nditaganizira mofatsa nkhawa ya mkulu amene anakudzudzulaniyo, pakuti nkhawa yakeyo ili ndi maziko. Khulubvi ndi wosiyana ndi mabwinja amene akatswiri ofukula zakale amakumbamo mapale ndi mikanda, ndi wosiyananso ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni ku Dedza zimene anthu amangopita kukaona, chifukwa ku Khulubvi anthu amathirako nsembe zopempha mvula mpaka lero.

Mbiri ya Amang'anja imati Mbona anali wodziwa kuitana mvula, ndipo adani ake anamuthamangitsa mpaka kuno kuchigwa, kumene anamupha ndi kumudula mutu, mutuwo n'kuikidwa ku Khulubvi. Kuyambira m'masiku a ufumu wa Lundu, zaka mazana angapo zapitazo, makolo athu ankapita kumeneko chilala chikavuta. Inuyo mukulidziwa bwino dziko lino, limene chaka china mapira amapserera m'munda asanafike m'chiuno, chaka chinacho Shire ndi Ruo n'kusefukira ndi kukokolola nkhokwe pamodzi ndi mbuzi. Munthu wobadwira m'dziko lotere amaphunzira msanga kuti moyo wake suli m'manja mwake. Kachisi ujayo ndi umboni wakuti agogo athu anazindikira zimenezi nafunafuna wowalankhulira kwa Chauta, ndipo ine ndikuona kuti ulemu umene unakugwiraniwo unachokera pokumana ndi kulira kwawo kwa zaka zambirimbiri.

Mtumwi Paulo ali ku Athens anavutika mtima poona mafano odzaza mumzinda, komabe anayendayenda napenyetsetsa zimene anthuwo ankapembedza, kufikira atapeza guwa lolembedwa kuti ndi la Mulungu wosadziwika, ndipo ulaliki wake unayambira pa guwa lomwelo (Machitidwe 17:16-23). Koma ndime imene imandikhudza kwambiri ndikaganiza za Khulubvi ndi ya ku Lystra, pamene Paulo ndi Barnaba anauza anthu osadziwa Malemba kuti Mulungu sanadzisiye wopanda umboni pakati pawo, popeza ankawapatsa mvula yochokera kumwamba ndi nyengo za zokolola (Machitidwe 14:17). Mvula iliyonse imene inagwa makolo athu atachoka ku Khulubvi inachokera kwa Mulungu yemweyo amene inu munamupemphera muli chiimire pansi pa mitengoyo.

Malire alipo, ndipo ndiyenera kuwatchula mosabisa. Kuvula nsapato ndi ulemu kwa eni malo, monga mmene timagwadira polonjera amfumu popanda kuwayesa Mulungu. Mukanatenga nsalu yakuda kapena mowa kuti zikaperekedwe nsembe, kapena mukanapempha Mbona kuti akugwetsereni mvula, yankho langa likanakhala lina, pakuti mkhalapakati wa Mulungu ndi anthu ndi mmodzi yekha, Khristu Yesu (1 Timoteo 2:5). Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa Katolika wochokera ku Netherlands amene anakhala zaka zambiri m'chigwa chino akufufuza mbiri ya Mbona, analemba kuti anthu ena ankamutcha Mbona Yesu wakuda. Ndikumvetsa chimene chinawachititsa kutero, chifukwa onse awiri amakumbukiridwa monga anthu osalakwa amene anaphedwa ndi owada. Ngakhale zili choncho, malinga ndi mbiri yomweyo mutu wa Mbona ukadali m'nkhalangomo, pamene manda a Yesu anapezeka opanda mtembo tsiku lachitatu, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene ana anu a Sande sukulu ayenera kukumva kuchokera kwa inu, mosanyoza agogo awo amene ena mwa iwo amalemekezabe malowo.

Musadikire kuti nkhaniyi ifike pabwalo la mpingo. Pitani kwa mkuluyo kunyumba kwake pamodzi ndi mayi wina wachikulire amene iye amamulemekeza, mukamuuze mawu enieni amene munapemphera tsiku lija ndi dzina limene munatchula, ndipo mukamupemphe kuti muwerengere limodzi chaputala 14 ndi 17 cha Machitidwe musanaphunzitse anawo Lamulungu likudzali.