Kodi a Lions olembedwa pachipatala cha maso aja ndi ndani?

Mayi wina wa ku Mchinji wanditumizira imelo yokhudza agogo ake. Akuti maso awo achita ng'ala, moti masiku ano sazindikira munthu mpaka atayankhula. Kuchipatala chaching'ono anawauza kuti apite ku Lilongwe, ku Lions Sight First Eye Hospital, koma abale ena akukaniza. Akuti a Lions ndi gulu lachinsinsi, ndipo munthu sangakuchitire chinthu chachikulu chotere chaulere popanda kufuna kanthu. Funso la mayiyu ndi lakuti: anthu amenewa ndi ndani, chipatalacho ndi chawo, nanga agogo apite?

Mayi, agogo apite. Ndayamba ndi yankho limeneli chifukwa ng'ala ndi matenda ochizika, ndipo mwezi uliwonse umene mukukambirana pakhomo ndi mwezi umene agogo akuyenda chogwiridwa dzanja popanda chifukwa.

Tsopano za a Lions. Si mpingo, si chipani, komanso alibe miyambo yobisika. Ndi kalabu ya anthu odzipereka, ambiri mwa iwo amalonda ndi apantchito za m'tauni, amene amakumana nthawi ndi nthawi, kusonkha ndalama za umembala, n'kumafunafuna thandizo la ntchito zachifundo. Inayamba mu 1917 ku Chicago m'dziko la America. Woiyambitsa, Melvin Jones, anali wogulitsa inshulansi, ndipo anali m'kagulu ka amalonda komwe ntchito yake inali kudyera pamodzi nkhomaliro ndi kupatsana makasitomala. Iye anaona kuti anthu anzeru ndi ndalama choterowo angathe kuchitira mzinda wawo kanthu kena koposa kudzilemeretsa. Mu 1920 kalabu yoyamba ya kunja kwa America inatsegulidwa ku Windsor m'dziko la Canada, ndipo lero mamembala alipo pafupifupi 1.4 miliyoni m'mayiko ndi madera oposa 200. Amayi anayamba kuloledwa kukhala mamembala enieni mu 1987, mochedwa ndithu.

Nkhani ya maso inabwera mu 1925. Pamsonkhano wawo waukulu ku Cedar Point, m'chigawo cha Ohio ku America, anaitana Helen Keller, mayi amene anasiya kuona ndi kumva ali khanda la miyezi 19 koma anaphunzira mpaka kuyunivesite. Iye anawapempha kuti akhale asilikali omenyera anthu osaona, ndipo anavomera. Ngakhale ndodo yoyera imene anthu osaona amayendera, a Lions a mumzinda wa Peoria ku America komweko ndi amene anathandiza kuifalitsa kuyambira mu 1930. Mu 1990 anakhazikitsa pulogalamu yotchedwa SightFirst, n'kusonkhanitsa ndalama zoposa madola 140 miliyoni paulendo woyamba, ndi zoposa 200 miliyoni paulendo wachiwiri umene unatha mu 2008. Ndalama zimenezi zimapita ku nyumba, zipangizo, maphunziro a madokotala ndi anamwino a maso, ndi maopaleshoni. Mawu akuti Sight First amene mukawaone pachikwangwani ku Lilongwe akuchokera kumeneku. Mukawaonanso ku Blantyre, pa Queen Elizabeth Central Hospital.

Apa ndi pamene abale anu asokonezeka, ndipo sindikuwaseka. Dzina lili pakhoma ndi la opereka thandizo, koma chipatalacho ndi gawo la Kamuzu Central Hospital. Amene akawapime agogo ndi madokotala ndi anamwino a ntchito yawo, ophunzitsidwa za maso, ogwira ntchito pansi pa Unduna wa Zaumoyo. Membala wa Lions sagwira mpeni, pokhapokha ngati iyeyo ndi dokotala kale. Palibe amene akawafunse agogo kuti alumbire kapena alowe gulu. Ndipotu kulowa Lions si kophweka chotero: munthu amachita kuitanidwa ndi membala wina, ndipo amalipira yekha chaka ndi chaka. Mukafunsa chimene amapindula, ndinganene mosabisa kuti amapeza anzawo ochita nawo malonda, ulemu, ndi chithunzi m'nyuzipepala. Ena zimenezi zimawanyansa. Ine sindiona vuto, bola makina opimira maso afikedi.

Ng'ala yokhayo ndiifotokoze, chifukwa mantha ambiri amachokera posadziwa chimene chimachitika m'chipinda cha opaleshoni. M'kati mwa diso muli kagalasi kachilengedwe koonekera mbee. Munthu akamakalamba kamachita chifunga mpaka kuyera, ndipo kuwala kumalephera kudutsa. Shuga, kuvulala kwa diso ndi kusuta fodya zimafulumizitsa zimenezi. Pa opaleshoni dokotala amachititsa dzanzi diso lokhalo, munthu ali maso, n'kuchotsa kagalasi kowonongekako ndi kuikamo kena kochita kupanga. Nthawi zambiri sizifika ola. Mawa lake amachotsa bandeji, ndipo ambiri amaona tsiku lomwelo. Diso salitulutsa kunja, ndipo zija zoti amaikamo diso la mbuzi ndi nkhambakamwa chabe. Ngati maso onse awiri ali ndi ng'ala, kawirikawiri amayamba ndi limodzi.

Koma si khungu lonse lili ng'ala. Pali matenda ena otchedwa glaucoma amene amawononga mtsempha wa diso mwakachetechete, ndipo chimene chawonongeka sichibwerera. N'chifukwa chake amayamba apima asanalonjeze kanthu. Pakadali pano musalole aliyense kuthira madzi a zitsamba, mkodzo kapena mkaka m'maso mwa agogo. Maso ambiri amene akanachira amafika kuchipatala atapsa kale ndi zimenezi.

Chodandaula changa pa makalabu ngati amenewa ndi chakuti ndi a m'tauni, ndipo zomanga zawo zili m'tauni, pamene osaona ambiri ali kumudzi. Opaleshoni ingakhale yaulere, koma minibasi yochokera ku Mchinji, ya anthu awiri, kupita ndi kubwera, si yaulere, ndiye muonjezepo chakudya cha wodikirira odwala. Maulendo amene madokotala amapita okha m'zipatala za m'maboma kukachita maopaleshoni amathandiza kwambiri pa chifukwa chimenechi, ndipo ndikanakonda makalabu akanaika ndalama zambiri pa mafuta a galimoto kusiyana ndi madyerero operekera cheke. Tinaona kale mphamvu yopita kumudzi pa matenda ena a maso otchedwa trachoma: mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti Malawi wawagonjetsa, dziko loyamba kum'mwera kwa Africa, ndipo zinatheka chifukwa Unduna wa Zaumoyo ndi mabungwe monga Sightsavers anatengera mankhwala ndi maopaleshoni a zikope kumene kuli anthu.

Choncho musananyamuke, pitani kaye pachipatala cha boma cha Mchinji mukafunse wa zamaso ngati madokotala a ku Lilongwe akubwera posachedwa. Ngati sakubwera, tengani kalata yotumizira, buku la kuchipatala la agogo, ndi mankhwala onse amene akumwa, makamaka a shuga ndi a BP, chifukwa zimenezi zikakwera opaleshoni amaiimitsa kaye. Konzekerani kugonako, ndipo wopita nawo akhale munthu amene adzatha kuwathira mankhwala m'diso kwa milungu ingapo mukabwerera kunyumba.