Rauta kapena lauta, nanga repeater tiziti chani?

Funso la lero lachokera kwa achimwene ena amene amaika WiFi m'maofesi ndi m'maloji. Akuti kasitomala akagula rauta yachiwiri (router, kabokosi kotulutsa WiFi kaja), iwo amasowa mawu omufotokozera kusiyana kwa access point, repeater ndi bridge, ndiye akufunsa ngati zimenezi zili ndi Chichewa chake, komanso ngati tizilemba rauta kapena lauta.

Tiyambe ndi kalembedwe, pamenepa mposavuta. Lamulo limati r amabwera pambuyo pa e kapena i, monga mu kubwera ndi kulira, kwina konseko ndi l. Ndiye potsata lamulo ndi lauta, ngati mmene timalembera lole ndi labala. Timati lauta yanga, zikachuluka malauta anga. Pa WhatsApp ambiri amalemba rauta ndipo palibe angakumangeni, koma pa chikalata cha ntchito lembani l.

Tsono za mayinawo achimwene, ine ndikuti asiyeni momwemo. Munthu akalowa pa adiresi ya lauta, monga 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, kuti aitchere zonse amazipeza mu Chingerezi, mukamupangira dzina lanulanu akalisaka pa sikirini osalipeza. Pamene Chichewa chimathandiza ndi pa mneni, muuzeni chimene chinthucho chikuchita.

Repeater ena amati chobwereza, ine mawuwa sandigwira mtima, kubwereza timadziwa kalasi. Nenani kuti imatola WiFi m'mwamba n'kuiponya kutsogolo popanda waya. Akamva kutola azindikira yekha kuti singatole chimene sichikufika, ndiye malo ake ndi pakatikati pomwe netiweki ikadali yamphamvu, osati kuchipinda chakumapeto kuja komwe foni ikuonetsa kale kamzere kamodzi. Mumuuzenso kuti zambiri zotchipazi zimalandira ndi kutumiza pa wayilesi imodzi yomweyo, ndiye liwiro limatsika pafupifupi ndi theka, asadzakuimbireni usiku kuti mwamubera.

Access point imalandira intaneti pa waya n'kuimwaza, waya wake wa Ethernet asapitirire mamita 100. Apa ndi pomwe ndimakonda kusiyanitsa kumwaza ndi kugawa chifukwa anthu amangosakaniza. Kumwaza ndi kutulutsa WiFi kuti mafoni aigwire, pomwe kugawa ndi kupatsa foni iliyonse adiresi yake, ntchito imene mu lauta imatchedwa DHCP. Lauta yachiwiri izingomwaza, wogawa akhale mmodzi basi, yoyamba ija. Ngati yachiwiriyo ilibe potchera access point, thimitsani DHCP nokha n'kubaya waya pa bowo lolembedwa LAN osati lolembedwa WAN, apo ayi ziwirizo zizilimbirana, foni kumaonetsa kuti yalumikiza koma Facebook osatseguka.

Bridge yokha ndi yomwe Chichewa chake chimagwa bwinobwino, mlatho. Mukati taika mlatho pakati pa ofesi ndi nyumba ya alendo aliyense amva kuti mwalumikiza mbali ziwiri popanda kukumba ngalande ya waya.