Funsani Aphunzitsi: Mawu a Chingerezi amandithawa m'mutu

FUNSO: Aphunzitsi, ndine mtsikana wa kalasi 10 kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Kunyumba timalankhula Chichewa, kusukulu zonse ndi Chipwitikizi, ndipo Chingerezi timangokumana nacho pa nthawi ya phunziro lake basi. Ndimafuna kudzaphunzira za migodi ku Tete. Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Moatize akuti popanda Chingerezi sindidzapita patali. Ndiye ndinabwereka mtanthauziramawu, ndipo usiku uliwonse ndimakopera mawu 20 m'kope kuyambira pa chilembo A. Pano ndili pa C, koma a pa A aja ndinaiwala kalekale. Kodi mutu wangawu ndi wouma? Nditani?

YANKHO: Mwana wanga, mutu umene wasenza Chichewa ndi Chipwitikizi mpaka kalasi 10 sungakhale wouma. Achimwene akowo akunena zoona. Chigawo chathu cha Tete chinachita malire ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo konseko zaboma zimayenda m'Chingerezi. Mgodi waukulu wa malasha ku Moatize, umene kale unali wa kampani ya Vale ya ku Brazil, kuyambira 2022 uli m'manja mwa Vulcan, yomwe eni ake ndi a ku India. Choncho khama lakolo lili m'malo mwake. Koma kukopera mtanthauziramawu kuja usiye lero lomwe.

Buku limenelo linasanja mawu motsatira zilembo, silisamala kuti ndi ati amene anthu amawatchula tsiku ndi tsiku. Pa A wataya tulo ndi mawu ngati abbey ndi acorn, amene mwina sudzawamva moyo wako wonse, pamene take, want ndi work akukudikira kumapeto kwenikweni. M'chaka cha 1953 mphunzitsi wina wa ku England, Michael West, anasindikiza mndandanda wa mawu pafupifupi 2,000 amene amabwerabwera kwambiri m'Chingerezi. Mawu amenewo okha amakwana pafupifupi 8 mwa mawu 10 aliwonse a m'nkhani wamba yolembedwa. Ndiwo oyamba kuwagwira.

Tsopano tamvera chimene ana ambiri a kuno sauzidwa. Uli ndi chuma chimene mnzako wa ku Dedza alibe, ndicho Chipwitikizi. M'chaka cha 1066 anthu a ku Normandy, kumpoto kwa France, anagonjetsa England, ndipo kwa zaka mazana angapo Chifalansa chinali chilankhulo cha mafumu ndi mabwalo a milandu kumeneko. Motero mawu ambiri a Chifalansa analowa m'Chingerezi, ndipo Chilatini nachonso chinalowa kudzera m'tchalitchi ndi m'maphunziro. Chipwitikizi, monganso Chifalansa, chinabadwa kuchokera ku Chilatini chomwecho. N'chifukwa chake mawu aatali a m'mabuku, amene amaopsa ana a ku Malawi, iwe umawadziwa kale. Kumene Chipwitikizi chimathera ndi -ção, Chingerezi kawirikawiri chimathera ndi -tion: informação ndi information, ventilação ndi ventilation. Kumene kuli -dade kumabwera -ty: universidade ndi university, electricidade ndi electricity. Possível ndi possible, geologia ndi geology, explosivo ndi explosive. Mayi wina wa ku New Zealand, Averil Coxhead, anasonkhanitsa m'chaka cha 2000 magulu 570 a mawu amene amapezeka kwambiri m'mabuku a kuyunivesite, ndipo ambiri mwa iwo ndi ochokera ku Chilatini ndi Chigiriki, monga method, factor, economy ndi analyse. Amenewa usawataire nthawi yoloweza. Chofunika ndi kumva katchulidwe kake, chifukwa Chingerezi chimatsindika mawu pamalo ena.

Uchenjere ndi ochepa amene amangofanana nkhope. Pachitseko pakalembedwa push, ukankhe, ngakhale khutu lako likumva puxar, kutanthauza kukoka. Library ndi biblioteca, osati livraria. Parents ndi bambo ndi mayi okha, pamene parentes ndi abale onse. Pretend ndi kunamizira, pretender ndi kufuna kuchita chinthu. Uwalembe patsamba lawolawo kumapeto kwa kope.

Ntchito yeniyeni ili pa timawu tating'ono, timene Chipwitikizi sichingakuthandize: get, put, take, give, turn, look. Timaoneka tosavuta, koma tikangotsatana ndi up, off, on kapena out, tanthauzo lasintha. Give ndi kupatsa, give up ndi kugonja. Look ndi kuyang'ana, look out ndi kuchenjeza munthu kuti ngozi ili pafupi. Pantchito palibe kapitawo amene adzakuuze mawu aatali makina akamalira. Adzakuwa kuti turn it off, kapena put on your helmet. Ndaona ana okhoza bwino mayeso akungoti kakasi pamaso pa dalaivala wa thiraki wochokera ku Zimbabwe, chifukwa timawu timeneti anatinyoza. Zimandipweteka, popeza vuto si la anawo, ndi la kaphunzitsidwe kathu kokonda kulembetsa mindandanda pabolodi.

Ndiye uzichita chonchi. Patsiku utenge mawu 5 kapena 6 okha, ndipo akhale amene wakumana nawo powerenga kapena pomvetsera. Udule timapepala kuchokera m'kope lakale. Kutsogolo ulembe chiganizo chonse mmene mawuwo unawapezera, kuseri ulembe tanthauzo. Ine ndimati tanthauzolo likhale m'Chichewa, chifukwa ndicho chilankhulo chimene umaganizira. Ukadutsira m'Chipwitikizi ndiye kuti mawu amodzi ukuwamasulira kawiri. Aphunzitsi anzanga ena amatsutsa zimenezi, koma ine sindinasinthe maganizo.

Za kuiwalako, katswiri wa ku Germany Hermann Ebbinghaus anaonetsa m'chaka cha 1885 kuti zambiri zimene munthu waloweza zimatayika m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba, kenako kuiwala kumayamba kuchedwa. Mawu ali ngati mbande ya fodya: imafuna madzi pafupipafupi ikangowokedwa, ikagwira ndiye umatha kutalikitsa. Upeze zitini zitatu. Choyamba uzitsegula tsiku lililonse, chachiwiri pakapita masiku atatu, chachitatu Lamlungu lokha. Kapepala kamene wakhoza kapite m'chitini chotsatira, kamene walephera kabwerere m'choyamba. Usasuzumire kuseri msanga. Uyambe wavutika kukumbukira, chifukwa kuvutikako ndi kumene kumakhazikitsa mawu. Ndipo uzitchula mokweza, ngakhale azing'ono ako aziseka.

Zowerenga usati kulibe. Pamapaketi a mbewu, pamabotolo a mankhwala opopera mbatata ndi pamatumba a feteleza ambiri pali Chingerezi, nthawi zina moyandikana ndi Chipwitikizi. Wailesi ya MBC ya ku Malawi imaulutsa nkhani m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Uyambe wamva za Chichewa, kuti za Chingerezi zikamabwera ukhale ukudziwa kale chimene chikunenedwa. Ngati kwanu kuli Baibulo la Chingerezi chosavuta, uwerenge ndime imene umaidziwa pamtima. Foni ya kunyumba uisinthe chilankhulo ichoke pa Chipwitikizi. Wina akamapita cha ku Calomue, pamalire ndi Malawi, umutume nyuzipepala yakale ya ku Malawi, ngakhale yokulungira katundu.

Palinso anthu amene timawaiwala. Nthawi ya nkhondo, mtendere wa 1992 usanabwere, mabanja ambiri a ku Angónia ndi Tsangano anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo ana awo ena anaphunzira sukulu za Chingerezi kumeneko. Lero ndi azibambo ndi azimayi a m'mudzi mwanu momwemo, ena amagulitsa pamsika. Upite mwaulemu kwa mmodzi, uwapemphe kuti muzichezako m'Chingerezi kwa mphindi zochepa Loweruka lililonse.

Achimwene akonso uwapatse ntchito. Sabata iliyonse azikulembera pa WhatsApp ziganizo zitatu zimene amva kapena awerenga pazikwangwani kuntchito kwawo, mmene zilili osamasulira. Zimenezo zikhale zoyamba kulowa m'chitini. Mtanthauziramawu uja usabweze, uzimutsegula pokhapokha mawu akakutsekereza njira powerenga.