Asuweni, musanavomere udindo umenewo

Asuweni, funso lanu lakuti producer ndi director pa zisudzo amasiyana pati ndalimva. Koma ine ndimakudziwani, chibadwire simunakhalepo m'holo mpaka sewero kutha, choncho ndikuganiza kuti achinyamata a kumpingo aja akupemphani kuti mukhale producer wa sewero lawo la Khirisimasi, ndipo mukufuna kudziwa ngati akukulemekezani kapena akukutcherani msampha.

Kodi mukukumbukira zimene zinawachitikira amalume aang'ono, ndikunena bambo anu aang'ono, atangobwera kuchokera ku Johannesburg? Chinali chaka cha njinga ija... ayi, chinali chaka chotsatira, agogo atasamuka kale. Anyamata a ku Ndirande anawasankha kukhala producer, iwo n'kuganiza kuti apatsidwa mpando wolamula. Madzulo alionse ankafika pokonzekera atavala jekete, n'kumauza ana a eni ake kuti akweze mawu ndiponso asafulatire oonera, mpaka mnyamata amene anali director weniweni anangokhala pa benchi n'kumawayang'ana. Tsiku litayandikira, zinadziwika kuti holo sinalipiridwe, galimoto yonyamula zovala ndi katundu palibe, ndipo chilolezo cha Censorship Board, bungwe la boma lounika zisudzo ndi mafilimu, chimene lamulo la 1968 linkafuna sewero lisanaonetsedwe pagulu, palibe amene anakachitenga. Onse anatembenukira kwa amalume. Wailesi yaikulu ija, imene ife ana sitinkaloledwa ngakhale kuikhudza, inathera pamenepo, ndipo azakhali mpaka lero safuna kumva dzina la sewerolo.

Komabe sindikuwaseka kwambiri, chifukwa kuno kwathu ntchito ziwirizi nthawi zambiri zimagwera munthu mmodzi. Du Chisiza Jr, amene anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, ankalemba masewero, kuwatsogolera, kusewera nawo komanso kuyendetsa gulu lonse. Pa wailesinso, amene amatchedwa producer ndi yemwe amawongolera ochita sewero.

Tsono kusiyana kwake ndi uku. Director ndi mwini wa zonse zimene oonera aziona ndi kuzimva: amasankha woti asewere gawo lililonse, amanena poti munthu aime, nthawi yolowa ndi yotuluka, ndiponso mmene mawu atulukire. Producer amasaka ndalama, amapeza holo, amalengeza za sewero, amayang'anira za pakhomo, ndipo ndalama zikapanda kukwana, ngongole ndi yake. Kawirikawiri iyeyo ndi amene amasankha director, koma akatero salowereranso pa kaseweredwe.

Ndibwereze, popeza mumamvetsera mauthenga anga mukukazinga mandasi: pa nsanja walamula ndi director, pa thumba wayankha ndi producer. Anawo sakukupemphani kuti muwaphunzitse kusewera, asuweni, akukupemphani kuti muwapezere ndalama. Afunseni kaye mtengo wa holo ndi kumene ndalamazo zichokere, ndipo mukavomera, ine mundichotse pa mndandanda wa osonkha, pakuti za denga lija simunandibwezerebe.