Mpando wa Wishbone unandichititsa manyazi pamaso pa apongozi

Asisi, chithunzi mwaikachi, cha mpando umene mukufuna kuti kalipentala akupangireni, chandikumbutsa zowawa. Musapereke dipoziti kwa kalipentala chifukwa choti wangosuzumira pafoni panu n'kunena kuti "izi ndi zazing'ono, madam." Mawu omwewo ndi amene ndinauzidwa ine.

Mpando umenewo ndi Wishbone. Anaujambula Hans Wegner wa ku Denmark mu 1949, potengera mipando yakale ya ku China, ndipo kampani ya Carl Hansen & Søn yakhala ikuupanga kuyambira 1950 mpaka lero. Ine ndinaukonda ngati mmene mwaukondera inumu, chotsamira chokhota ngati uta, kamtengo ka mphanda kumsanako. Ndinaitanitsa isanu ndi umodzi kwa kalipentala wina, ya mbawa, yoika patebulo lodyera, n'kupereka theka la ndalama. Anati masabata atatu, inatha miyezi inayi. Ukapita kushedi umva "abwana apita kukagula matabwa," mawa lake "kwagwa zovuta kumudzi." Koma zimenezo ndikanakhululuka.

Itabwera inali yokongola, vanishi waliwali. Patangotha mwezi, apongozi anga aamuna anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzaona mdzukulu wawo, limodzi ndi azakhali a bambo a kunyumba. Ndinapha nkhuku yachikuda, ndinawasambitsa m'manja nditagwada, ndinawapatsa mpando wakumutu kwa tebulo, ine n'kukakhala chapatali pakhomo la kukhitchini. Atamaliza kudya anatsamira kuti apume. Kunangomveka kuti thyo! Chotsamira chija chinathyoka pokhota penipeni, iwo n'kugwa chagada, mutu pasimenti khu, mbale ya msuzi yonse pajekete yawo yopitira kutchalitchi. Munthu wamkulu, wa imvi mbuu. Chidutswa chosongoka chinawang'amba pachigongono, magazi kuyenderera mpaka padzanja. Azakhali anakuwa, mwana anayamba kulira, ine miyendo inangoti zii, osadziwa kuti ndiwagwire kapena ayi, poti mukudziwa mmene timachitirana manyazi ndi apongozi. Bambo a kunyumba akuwadzutsa, iwo anayang'ana kumbali kwanga n'kunena motsitsa mawu, "Palibe kanthu, mayi, ndi ngozi." Bola akanakalipa. Kuchipatala anawasoka masitichi anayi. Mpaka lero akabwera amakhala pampando wa ndalema pakhonde, m'nyumba salowa kukadya.

Alamu anga anaphunzira ukalipentala, ndiye atatola zidutswazo anangopukusa mutu. Kalipentala uja sanapinde thabwa ayi. Anacheka utawo ndi sowo pathabwa lafulati, zidutswa zitatu, n'kulumikiza ndi guluu ndi timisomali, pamwamba n'kumata phala la utuchi kuti zisaoneke. Ukacheka chokhota choncho, mitsempha ya thabwa imaduka pokhotapo, ndiye pamatsala pofooka ngati bisiketi. Thabwalonso linali laliwisi, likuuma n'kumang'aluka mkati mwa vanishi. Pa Wishbone weniweni utawo ndi mtengo umodzi, amaufewetsa ndi nthunzi yotentha n'kuupinda pachikombole mpaka uume, mitsempha yake n'kumatsata kukhotako osaduka. Pokhalira amaluka pamanja ndi chingwe chapepala chokwana pafupifupi mamita 120. Ine anandilukira ndi chingwe cha nayiloni choyanikira zovala, chinali chitayamba kale kulendewera.

Kuchokera tsiku limenelo ndinawerenga kwambiri chifukwa cha mkwiyo, ndipo ndinaona kuti mipando yonse yamakonoyi imaoneka yosavuta chifukwa luso lake silioneka pachithunzi. Michael Thonet anatulutsa mpando wake wa nambala 14 mu 1859, uja unadzaza m'malo omwera khofi ku Vienna. Zidutswa zisanu ndi chimodzi zokha za mtengo wa beech ndi masikuluwu khumi, koma anatha zaka akuyesa kupinda mtengo ndi nthunzi asanafike pamenepo. Marcel Breuer, ali pasukulu ya Bauhaus ku Germany cha m'ma 1925, anaona chiwongolero cha njinga yake n'kuganiza zopanga mpando wa mapaipi achitsulo opinda. Charles ndi Ray Eames ku America anayamba ndi kuumba pulayiwudi yomangira miyendo ya asilikali ovulala pankhondo yachiwiri yapadziko lonse, mipando yawo yotchuka ija inabwera pambuyo. Onsewa maonekedwe anachokera ku njira yopangira. Ndiye wina ali ndi sowo ndi hamala basi, akuti zazing'ono!

Chimene chimandiwawa mpaka pano n'chakuti nditabwerera ndi zidutswa m'jumbo, sanapepese n'komwe. Akuti "ndiye kuti munthuyo ndi wonenepa." Apongozi anga ndi ochepa thupi ngati bango. Akuti ndalama sizibwezedwa katundu akatuluka. Ndinamufunsa kuti bwanji sanandiuze poyamba kuti alibe chopindira, anangopitiriza kupala thabwa ngati ndikulankhula ndi khoma, anyamata ake akuseka kuseri. Bodza ndi limene ndimadana nalo. Akananena kuti sangathe, ndikanamupatsa ntchito ina.

Ndiye asisi, mufunseni funso limodzi lokha: "Pokhotapa mupanga bwanji?" Akati ticheka, tengani chikwama chanu muzipita. Mufunsenso kuti matabwa akhala nthawi yaitali bwanji akuuma, ndipo muwaone ndi maso musanapakidwe vanishi. Koma musathamangirenso za m'mashopu zochokera kunja zija, zambiri ndi utuchi wopanikiza, dzinja limodzi zafufuma. Amisiri athu amatha ntchito. Tebulo langa anapanga munthu yemweyo, la mlombwa, miyendo yowongoka yocheperachepera kumunsi ngati masitayelo a m'ma 1950 omwewo, ndipo silinagwederepo. Mipando isanu yotsala ija ndinaichotsa, pano tikukhalira yoluka ya kwathu konkuno, ija ku South Africa amaigulitsa modula n'kumaitcha Malawi chair. Komabe Wishbone ndimaufunabe, ndikapeza wodziwa kupinda ndi nthunzi ndidzayesanso. Inu ngati mtima wakana kusintha, muuzeni apange umodzi wokha kaye, bambo a kunyumba akhalepo mwezi wathunthu akutsamira ndi mphamvu, mlendo asanauyandikire.