Za nyukiliya ndi msika wa magetsi, kuyankha funso la achimwene

Achimwene, mwafunsa kuti pa mkangano wa andale a kuno ku Britain akunena zoona ndani, awa akuti boma lilamule kuti masiteshoni a nyukiliya amangidwe zivute zitani, kapena awa akuti boma lichotse dzanja pa magetsi makampani azipikisana okha mitengo itsike, kenako mwati nanga ife poti uranium tili naye ku Kayelekera tikudikira chani. Mundipirire nditalikitsa, nkhaniyi imandikhudza chifukwa bilu yake ndimalipira ndine mwezi ndi mwezi.

Chimene ndaona ine nchakuti nyukiliya ndi msika womasuka siziyendera limodzi, wandale amene akukulonjezani zonse ziwiri pakamodzi akukupusitsani basi. Ndipo azunguwa anayesa kale. Nthawi ya Margaret Thatcher, mu 1989, anakhazikitsa lamulo logulitsa magetsi a boma, bungwe lalikulu la boma lopanga magetsi lija la CEGB analiduladula mu 1990 nkupanga makampani angapo. Koma atafika pa masiteshoni a nyukiliya ogula anakana, anawerengetsa ndalama zodzagwetsera masiteshoniwo akadzakalamba komanso zosungira zinyalala zake kwa zaka mazanamazana nkuti ayi zikomo. Boma linawachotsa pa malondawo nkukhala nawo lokha, ndiye pofuna kuti asafe linakakamiza makampani ogawa magetsi kuti azigulako magetsi a nyukiliya, nkuwonjezera kamsonkho pa bilu ya aliyense. Mwaonatu, boma lomwe lija linkalalikira za msika womasuka ndi lomwenso linakakamiza anthu kugula.

Mu 1996 anayesanso, masiteshoni atsopanoko anawagulitsa pansi pa kampani ya British Energy. Sizinatenge nthawi, mitengo ya magetsi itatsika chifukwa cha mpikisano womwewo kampaniyo inatsala pang'ono kugwa mu 2002, boma nkuyithamangira ndi ngongole ya mapaundi 650 miliyoni. Mapeto ake mu 2009 inagulidwa ndi EDF, yomwe ndi kampani ya boma la France. Apa ndimaseka ndekha, anachotsa boma lawo pa magetsi kuti pabwere boma la eni ake.

Chifukwa chake sichovuta kumvetsa. Siteshoni ya gasi umamanga zaka ziwiri zitatu wayamba kugulitsa. Ya nyukiliya umathira mabiliyoni zaka khumi kapena kuposa osapeza ngakhale tambala, chiwongola dzanja chikungokwera, ndiye ukamaliza sukudziwa kuti mtengo wa magetsi udzakhala pati. Palibe wabizinesi angalowe zimenezo popanda wina womutsimikizira. Siteshoni yomaliza kumangidwa kuno ndi Sizewell B, inayamba ntchito mu 1995 ndipo inamangidwa ndi ndalama za boma, kuchokera pamenepo msika sunamange ngakhale imodzi. Kampani ya Toshiba inathawa pulojekiti ya siteshoni ya Moorside mu 2018, ya Hitachi inasiya ya Wylfa ku Wales mu 2020.

Imene ikumangidwa pano ndi Hinkley Point C ku Somerset, ya ma megawati 3,200. Kuti EDF ivomere, boma linalonjeza kuti azidzalipidwa mapaundi 92.50 pa megawati awa iliyonse kwa zaka 35, powerengera mitengo ya 2012, ndipo izikwera limodzi ndi kukwera kwa zinthu. Mtengo wa pamsika ukatsika kusiyana kwake tizilipira ife pa bilu. Amene anali bwana wa EDF kuno nthawi imeneyo, Vincent de Rivaz, ananena mu 2007 kuti pofika Khirisimasi ya 2017 anthu adzawotcha nkhukundembo ndi magetsi a ku Hinkley, mpaka lero nkhukundemboyo ikudikirabe, mtengo womangira wachoka pa mapaundi 18 biliyoni wadutsa 30 biliyoni. Pa Sizewell C, imene anaivomereza mu 2025 pa mtengo wa 38 biliyoni, sakubisanso, boma ndiye mwini gawo lalikulu kuposa onse ndipo ogula magetsi akuyamba kulipira siteshoni isanayake nkomwe. A zipani za Labour ndi Conservative pa nyukiliya amagwirizana ndithu, amene amakanitsitsa ndi a Green komanso SNP ya ku Scotland.

Musaganize kuti ndikuikira kumbuyo a msika womasuka, nawonso ali ndi milandu yawo. Kunabwera timakampani tambirimbiri togulitsa magetsi, tina topanda chuma chilichonse, ofesi ndi kompyuta basi, tikumagula magetsi lero kugulitsa mawa pa mtengo wokopa. Ineyo ndinakopeka, ndinalowa kwa kena kake kotchipa. Gasi atakwera mu 2021 makampani pafupifupi 30 anagwa, kanga kaja kali momwemo, ndinangolandira uthenga woti Ofgem, bungwe loyang'anira msika wa magetsi kuno, yandisamutsira kwina pa mtengo wokwera. Kampani ya Bulb, imene inali ndi makasitomala oposa 1.5 miliyoni, boma linachita kuinyamula lokha. Phindu akamapeza nlawo, akagwa tikulipira tonse, ndiye umasuka wake uli pati pamenepa.

Komabe nyukiliya sindiida ayi. Ikayaka imayaka usana ndi usiku, siyang'ana mphepo kapena dzuwa, situlutsa utsi. A France anasankha mu 1974 kuti boma limange lokha masiteshoni ofanana ambirimbiri kudzera mu EDF ndipo mpaka lero magetsi awo ochuluka ndi a nyukiliya. Iwo sananamize anthu kuti msika uchita, anangoti boma limanga, walira mvula walira matope.

Tsopano za kwathu. Uranium wa ku Kayelekera ku Karonga, umene a kampani ya Paladin anayamba kukumba mu 2009 nkusiya mu 2014 mitengo itagwa, kenako mgodi nkupita kwa a Lotus, suli ngati malasha oti ungofukula nkuponya pamoto. Umatuluka ngati ufa umene amautcha yellowcake, uyenera kupita kunja kukakonzedwa mmafakitale amene ali mmayiko owerengeka, ndipo pa mtengo wonse wa magetsi a nyukiliya uranium ndi kagawo kochepa, ndalama zimathera pomanga ndi pa ngongole. Niger yakumba uranium zaka zoposa 50 koma siteshoni ilibe. Mu Africa muno yogwira ntchito ndi Koeberg yokha ku Cape Town, ya mma 1980, ndipo a Zuma, ali pulezidenti wa South Africa, atafuna kuwonjezera ma megawati 9,600 ndi a Russia khoti linathetsa mapanganowo mu 2017.

Vuto lina ndi kukula kwake. Makina amodzi okha a ku Hinkley ndi ma megawati 1,600, pamene dziko lathu lonse magetsi ake ndi ma megawati mazana angapo. Mukukumbuka mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira, tinataya ma megawati pafupifupi 130 okha koma mabulakauti ake abale anga ankandiimbira akudandaula chaka chathunthu. Ndiye taganizani dziko lonse litatsamira pa makina amodzi, tsiku lowazimitsa kuti athiremo mafuta atsopano kungakhale mdima kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje.

Kumasula msika tinayambako mu 2017 pomwe anagawa ESCOM nkupanga EGENCO, ndipo zipatso zina zilipo, sola ya ma megawati 60 ku Salima ndi ya 20 ku Golomoti anamanga ndi a kampani osati boma. Koma nawonso asanakumbe dzenje limodzi amafuna pangano la zaka zambiri loti ESCOM izigula pa mtengo wakuti, MERA ivomereze, kwacha ikagwa asaluze. Ku Mpatamanga pa Shire, kumene kukukonzedwa damu la ma megawati oposa 300, mmodzi mwa eni pulojekiti ndi EDF yomweyi ya ku Hinkley, akatswiri a nyukiliya enieni, koma atafika kwathu anasankha madzi.