Atulutseni anawo aone chiperoni

Aphunzitsi anzanga, mwafunsa kuti mutani poti ana anu a Fomu 2 akumalemba zimangirizo zozizira, zongoti "kunja kunali kozizira kwambiri". Inenso ku Chitakale kuno ndinavutika nazo. Kuwaloweza matanthauzo a zipangizo zokometsera zolemba sikunandithandize konse.

Yambani ndi mvekero (mawu aja onga zii kapena biriwiri), poti anawo amaulankhula kale kunyumba. Tsiku la chiperoni ndinawatulutsa, ndi kuwauza kuti ayang'ane phiri la Mulanje. Mtsikana wina analemba: "Phiri lafunda bulangete la nkhungu, kunja kuli zii, tiyi ali biriwiri." Mwaona? Umunthu (kulipatsa phiri zochita za munthu) ndi mvekero m'chiganizo chimodzi, iye osadziwa n'komwe mayina ake. Mayinawo ndinawauza pambuyo.

Pa zifanifani, kanizani "wakuda ngati khala", yatha ntchito imeneyo. Afanizire zimene amaona: dengu la wothyola tiyi, madzi a Likhubula, nthochi za ku Thyolo.

Chibwereza chokha ndiye muwaletseko pang'ono. Akachikonda amabwereza mawu mpaka ndime yonse kumveka ngati nyimbo ya pamtondo. Kamodzi kapena kawiri basi, ndipo aziwerenga mokweza kuti khutu liweruze.